Kuika fonti pa tsamba la pa intaneti: kuti ŵ ndi ã zionekere limodzi pa foni ya ku Angónia

Tsamba loyamba limene ndinapangira gulu la alimi a mbatata kwathu ku Angónia linkaoneka lokongola pa laputopu yanga. Ndinali nditasankha fonti, kapena kuti kaonekedwe ka zilembo, yowonda, yangati zolemba za pa botolo la mafuta onunkhira. Tsiku la msika ku Ulongwe, asungichuma a gululo, bambo achikulire, anandikokera pambali n'kundionetsa foni yawo. "Mwanawe, taona apa. Ine ndalemba kuti msonkhano uli maŵa, koma chilembo chapakatichi chatuluka ngati cha eni ake ena." Zoonadi, mawu onse anali m'fonti yanga yowonda ija, koma ŵ yekhayo anali wonenepa, wotalika mosiyana, ngati mbuzi yachilendo m'khola. Mzere wa Chipwitikizi pansi pake unali bwinobwino, reunião ndi associação zili m'malo mwake. Anawonjezeranso kuti akatsegula tsambalo pamayamba pangoti mbee, popanda liwu n'limodzi lomwe, mpaka iwo amaganiza kuti mamega atha.

Mavuto awiri amenewa ndi amene tikonze limodzi. Masamba a kuno ku Tete amanyamula zinenero ziwiri, nthawi zina zitatu tikawerengera Chinyungwe, ndipo amawerengedwa pa mafoni a Android otsika mtengo, ndi mamega ogula pang'onopang'ono a Movitel, Vodacom kapena Tmcel, netiweki ikubwera n'kumathawanso. Malangizo ambiri okhudza mafonti analembedwa ndi anthu a makompyuta a Mac ndi intaneti yosaduka. Ena mwa iwo alibe ntchito kwa owerenga athu, ndipo tikafika pamenepo ndikuuzani.

Choyamba, dzifunseni ngati fontiyo mukuifunadi

Foni iliyonse imabwera kale ndi zilembo zake. Mafoni ambiri a Android ali ndi Roboto, makompyuta a Windows ali ndi Segoe UI ndi Arial, ndipo mafonti onsewa ali ndi ŵ komanso zilembo zonse za Chipwitikizi. Mukalemba chonchi mu CSS, fayilo youza tsamba mmene lizionekera:

```
body {
  font-family: system-ui, Roboto, "Segoe UI", Arial, sans-serif;
}
```

wowerenga satsitsa fayilo iliyonse, mawu amatuluka pomwepo, mamega ake sakhudzidwa. Browser, pulogalamu yotsegulira masamba ngati Chrome, imayang'ana dzina loyamba, likapanda kupezeka m'foniyo imapita pa lachiwiri, mpaka kumapeto. Tsamba la mitengo ya mbatata, ndandanda ya mapemphero a mpingo, chidziwitso cha sukulu, zonsezi sizifuna choposa apa. Ine masiku ano nkhani yonse ndimaisiya m'fonti ya foni, yoitanitsa ndimaiika pa mitu ndi dzina la gulu basi. Komabe pali makasitomala amene zilembo zawo zili kale pa matumba ndi pa zikwangwani, ndipo amafuna tsamba lifanane nazo. Ngati anu ndi otero, tiyeni tipitirize.

Chachiwiri, UTF-8 fonti isanabwere

Musanaimbe mlandu fonti, yang'anitsitsani mmene chilembocho chawonongekera. Chikatuluka ngati kabokosi kopanda kanthu, kapena chosiyana ndi zinzake ngati cha asungichuma aja, wolakwa ndi fonti. Koma mukaona ŵ wasanduka Åµ, kapena ã wasanduka Ã£, fontiyo ilibe mlandu. Fayilo inasungidwa mu UTF-8, njira ya makono yosungira zilembo pa kompyuta, koma browser ikuiwerenga ndi kawerengedwe kakale ka Windows. Mankhwala ake ndi awa, mu fayilo ya HTML ya tsambalo:

```
<html lang="ny">
<head>
  <meta charset="utf-8">
```

Mzere wa charset uzikhala pamwamba penipeni, mkati mwa mabayiti 1024 oyambirira a fayilo. Chizindikiro cha ny ndi cha Chinyanja kapena Chichewa, ndipo ndime za Chipwitikizi muziziika `lang="pt"`. Ngati mawu akuchokera mu MySQL, matebulo akhale a utf8mb4.

Chachitatu, werengani zilembo zathu chimodzichimodzi

Apa ndi pamene ndinagwera ine, choncho tikhalapo pang'ono.

Chilembo chilichonse pa kompyuta chili ndi nambala yake mu Unicode. Kuyambira a mpaka z zili m'gulu loyamba lotchedwa Basic Latin. Za Chipwitikizi monga ã, õ, ç, é, ó ndi è zili m'gulu lotsatira, Latin-1 Supplement, lomwe limathera pa U+00FF. Tsono ŵ ali kunja kwa mpanda umenewo. Wamkulu ndi U+0174, wamng'ono ndi U+0175, onse m'gulu la Latin Extended-A. Ku Ulaya amamulemba ndi anthu a ku Wales.

Google Fonts imadula fonti iliyonse m'zidutswa: latin, latin-ext, cyrillic, greek ndi zina. Chidutswa cha latin chimanyamula Chingerezi ndi Chipwitikizi, pamene ŵ amakhala mu latin-ext. Mukalumikiza tsamba ndi link ya Google, browser imakatenga yokha chidutswa chachiwiricho ikakumana ndi ŵ, bola fontiyo ikhale naye. Ine ndinali nditatsitsa latin yokha n'kuiika pa seva yanga, kompyuta yomwe imasunga tsambalo, ndikudziona ngati wochenjera wopulumutsa mamega. Browser ikasowa chilembo m'fonti yoyamba siitaya mawu onse, imangobwereka chilembo chimodzicho ku fonti yotsatira pa mndandanda. N'chifukwa chake ŵ ankaoneka mlendo pakati pa abale.

Mwina mukuti, ndani amalembanso ŵ masiku ano? Zoona, ambiri timangolemba w wamba, ndipo kuno ku Mozambique m'mabuku a sukulu timalemba ngakhale dzina la chinenerochi ndi c, Cinyanja. Koma akuluakulu amene anaphunzira ndi mabuku a mpingo amamulembabe, ndipo zolemba zina zochokera tsidya la Dedza zimabwera naye, dzina lenilenilo la Malaŵi lili naye. Inu mumapanga tsamba, koma olemba zidziwitso ndi alembi a gulu, ndipo simungawaimire kumbuyo tsiku lililonse. Zilembo ziwirizi kulemera kwake n'kosaoneka ndi maso.

Palinso kachizindikiro kathu ka mu ng'ombe, m'mudzi ndi pang'ono. Kamabwera mitundu iwiri. Koongoka ndi U+0027, kopindika ndi U+2019, ndipo Word imakonda kusandutsa koyambako kukhala kachiwiri osakufunsani. Alembi akakopera chidziwitso kuchokera mu Word, kopindikako kamalowa pa tsamba. Chichewa chimagwiritsa ntchito kachizindikiroka pafupifupi pa mzere uliwonse, ndiye kakasowa m'fonti tsamba lonse limadzaza zipsera. Ena amalembanso ŵ ngati w wotsatidwa ndi kachipewa kapadera, U+0302, choncho nako tikasunga.

Sungani chiganizo ichi, muziyesera fonti iliyonse musanaikonde:

```
Maŵa ku Zóbuè kuli reunião ya associação. Ŵ ŵ ng'ombe ng’ombe «preço» 1.º 50 kg
```

Chikoperani m'bokosi loyesera pa Google Fonts. Chilembo chimodzi chikangosiyana ndi zinzake, fontiyo isiyeni.

Chachinayi, chilolezo

Fonti ndi katundu wa mwini wake. Calibri kapena Times New Roman zomwe zili mu foda ya Windows munapatsidwa kuti muzilembera pa kompyutayo, osati kuti muzikweze pa seva aliyense azitsitsa. Sankhani za chilolezo cha SIL Open Font License, chomwe chimalola kuika pa tsamba ndi kusintha kwaulere. Mafonti ambiri a pa Google Fonts ndi otero. Noto Sans ili ndi zilembo zochuluka zedi, ndipo Andika ndi Charis, zopangidwa ndi bungwe la SIL, zinakonzedwera zinenero ngati zathuzi. Andika anaipangira ongoyamba kuwerenga, ndiye imakhala bwino pa tsamba la sukulu kapena la sukulu ya kwacha. Tsegulani fayilo ya OFL.txt yobwera ndi fontiyo. Mukapeza mawu akuti Reserved Font Name pa mzere wa copyright wa pamwamba penipeni, ndiye kuti fonti yomwe mwaisintha siyenera kutchedwanso dzina loyambalo.

Chachisanu, ipeteni fontiyo

Fayilo ya TTF ya Noto Sans imalemera makilobayiti mazana angapo chifukwa imanyamula Chigiriki, Chirasha ndi zilembo zina zomwe mlimi wa ku Tsangano sadzaziona. Tiipete ngati mphale, gaga atuluke. Chida chake ndi pyftsubset, chomwe chimabwera ndi fonttools ya Python:

```
pip install fonttools brotli

pyftsubset NotoSans-Regular.ttf \
  --unicodes="U+0020-007E,U+00A0-00FF,U+0174-0175,U+0302,U+2013-2014,U+2018-201D,U+2022,U+2026" \
  --layout-features="*" \
  --flavor=woff2 \
  --output-file=tete-400.woff2
```

Manambalawo akutanthauza izi: zilembo wamba ndi manambala, za Chipwitikizi zonse, Ŵ ndi ŵ, kachipewa kaja, timizere, tizizindikiro topindika, kadontho ka mndandanda ndi timadontho titatu. Chotuluka chimakhala makilobayiti makumi ochepa. Bwerezani ndi NotoSans-Bold.ttf kuti mupeze tete-700.woff2.

WOFF2 ndi mtundu wa fayilo wopangidwira masamba a pa intaneti. Imapanikiza fonti ndi njira yotchedwa Brotli, n'chifukwa chake tinaikanso brotli pamwambapa, ndipo W3C, bungwe lokonza malamulo a masamba a pa intaneti, inaivomereza mu 2018. Malangizo akale amakuuzani kuti muikenso EOT, SVG ndi TTF. EOT inali ya Internet Explorer, yomwe Microsoft inaipumitsa mu 2022. Zisiyeni zonsezo. Foni yakale kwambiri yosadziwa WOFF2 ingogwiritsa ntchito fonti yake, mawu n'kuwerengeka ndithu.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani @font-face

```
@font-face {
  font-family: "Tete";
  src: url("/fonts/tete-400.woff2") format("woff2");
  font-weight: 400;
  font-style: normal;
  font-display: swap;
}
@font-face {
  font-family: "Tete";
  src: url("/fonts/tete-700.woff2") format("woff2");
  font-weight: 700;
  font-style: normal;
  font-display: swap;
}
h1, h2, h3 {
  font-family: "Tete", Roboto, Arial, sans-serif;
}
```

Dzina la font-family mumalisankha nokha. Chofunika n'chakuti mafayilo onse awiri akhale ndi dzina limodzi, azisiyana pa font-weight pokha. Anzanga ambiri amatcha ina "Tete" ina "Tete Bold", osalemba kulemera kwake. Zikatero browser imaganiza kuti yachiwiriyo ndi ya 400, ndipo mutu ukafuna bold imainenepetsanso yokha pamwamba pa kunenepa kwake. Zilembo zimatuluka zoyabwika ngati inki yagwera madzi. Zomwezonso zimachitika mukalemba mawu opendekeka mulibe fayilo ya italic, browser imangowakankhira kumbali. Mukafuna kuiletsa kupeka zimenezi, ikani `font-synthesis: none`, koma dziwani kuti pamenepo mawu amene mulibe fayilo yake azioneka wamba.

Kuchuluka kwa mafayilo kukhale kuwiri, 400 ndi 700. Ngati fontiyo ndi ya mitu yokha, imodzi ya 700 ikwanira. Pali mafonti otchedwa variable, omwe anabwera ndi OpenType 1.8 mu 2016, fayilo imodzi yonyamula kulemera konse kuyambira kowonda mpaka konenepa. Ndi abwino mukamafuna mitundu itatu kapena inayi, koma pa umodzi wokha amalemera kuposa fayilo wamba.

Ena angakuuzeni kuti ŵ mumuike m'fayilo yakeyake pogwiritsa ntchito unicode-range, kuti azitsitsidwa pokhapokha wafunika. Kwa ife ayi. Pa netiweki yofooka chomwe chimachedwetsa kwambiri ndi ulendo wopita ku seva ndi kubwerera, osati kulemera kwa zilembo ziwiri. Simungatume mwana maulendo awiri ku chigayo chifukwa cha kambale kamodzi ka ufa.

Chachisanu ndi chiwiri, mawu asabisale

Dandaulo lachiwiri la asungichuma, la tsamba loti mbee, limathera pa mzere umodzi uja wa font-display. Mukapanda kuulemba, mabrowser ambiri amabisa mawu mpaka masekondi atatu akudikira fonti. Pa laputopu ya mu ofesi ku Tete mzinda simungazione chifukwa fonti imafika m'kuphethira kwa diso. Ku Dómuè, netiweki ili kamzere kamodzi, masekondi atatu amakwana onse, ndipo munthu amatseka.

Muli zosankha zisanu. `auto` imasiyira browser. `block` imabisa mawu pafupifupi masekondi atatu. `swap` imaonetsa mawu pomwepo m'fonti ya foni, yanu ikafika imalowa m'malo, ngakhale ichedwe bwanji. `fallback` imabisa kwa kanthawi kosaoneka, pafupifupi mamilisekondi 100, n'kuipatsa fonti yanu masekondi atatu kuti ifike, ikachedwa kuposa pamenepo imadikira tsamba lotsatira. `optional` ndi yokhwima kuposa zonse. Fonti ikapanda kukhala yokonzeka m'kanthawi kochepa kaja, tsambalo limawerengedwa lonse m'fonti ya foni, ndipo browser ili ndi ufulu wosaitsitsa n'komwe ikaona kuti intaneti ndi yofooka.

Pa mitu ndimaika swap. Ngati kasitomala waumirira kuti nkhani yonse ikhale m'fonti yake, ndimaika optional kapena fallback, chifukwa swap ili ndi vuto lake. Munthu wayamba kale kuwerenga, fonti n'kufika, mizere n'kudumpha chifukwa zilembo zatsopano n'zotambalala mosiyana, iye n'kutaya pomwe anali. Wina amafuna kudina nambala ya foni ya wapampando n'kudina ya wina. Kudumphako mukhoza kukuchepetsa popanga fonti yodikirira yofanana msinkhu ndi yanu:

```
@font-face {
  font-family: "Yodikirira";
  src: local("Arial");
  size-adjust: 105%;
}
```

Kenaka muiike yachiwiri pa mndandanda wa font-family. Nambala ya 105 ndi chitsanzo chabe. Muzisintha mukuyang'ana mpaka mizere izithera pamalo amodzi m'mafonti onse awiri. Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri a Android alibe Arial, ndiye njirayi imathandiza kwambiri a makompyuta.

Chachisanu ndi chitatu, za ku seva

Browser siidziwa kuti pakufunika fonti mpaka itatsitsa CSS n'kuiwerenga. Mukhoza kuitsina khutu msanga mu head:

```
<link rel="preload" href="/fonts/tete-700.woff2"
      as="font" type="font/woff2" crossorigin>
```

Mawu akuti crossorigin musawaiwale ngakhale fontiyo ili pa seva yanu yomwe. Mukawasiya fayilo imatsitsidwa kawiri, wowerenga n'kulipira kawiri. Chitani preload pa fayilo imodzi yokha, yooneka pamwamba pa tsamba.

Uzani seva kuti mafonti azisungidwa m'foni kwa chaka, `Cache-Control: max-age=31536000, immutable`, ndipo tsiku lomwe mudzasinthe fontiyo mudzasinthenso dzina la fayilo. Ngati mafonti ali pa domain ina yosiyana ndi ya tsamba, seva imeneyo iyenera kutumiza `Access-Control-Allow-Origin`, apo ayi browser imakana fontiyo mwakachetechete ndipo mumangoona uthenga wofiira mu console, bokosi la mauthenga la browser.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito link ya Google? Imagwira ntchito ndithu. Kale panali phindu lakuti fonti yomwe munthu anaitsitsa pa tsamba lina inkagwiranso pa lanu, koma kuyambira Chrome 86 mu 2020 tsamba lililonse lili ndi nkhokwe yakeyake. Chatsala ndi maulendo owonjezera opita ku maseva awiri a Google, ya CSS ndi ya mafayilo. Ine ndimasunga pa seva yanga.

Chachisanu ndi chinayi, kusalala kwa zilembo

Pafupifupi CSS iliyonse yomwe mungakopere pa intaneti imayamba ndi mizere iyi:

```
-webkit-font-smoothing: antialiased;
-moz-osx-font-smoothing: grayscale;
```

Mizere iwiriyi imagwira ntchito pa makompyuta a Mac okha. Pa Android siichita kanthu, pa Windows siichita kanthu, ndipo siili m'malamulo ovomerezeka a CSS. Ndinataya madzulo athunthu ndikuisintha, ndikuyang'ana foni yanga, ndikudzinamiza kuti ndikuona kusiyana.

Kuti mumvetse, sikirini ndi timabokosi ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo, pamene chilembo ngati o n'chozungulira. Kuti m'mphepete musaoneke mano a sowo, makina amathira imvi pa mapikiselo a m'malire. Imeneyo ndi njira yoyamba, ya grayscale, ndipo ndi yomwe mafoni amagwiritsa ntchito. Yachiwiri imagwiritsa ntchito timagawo titatu ta pikiselo iliyonse, tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, kuti chilembo chioneke chakuthwa pa sikirini ya mapikiselo ochepa. Pa Windows imatchedwa ClearType, ndipo amaiyatsa kapena kuizimitsa ndi mwini kompyuta, osati CSS yanu. Apple inazimitsa njira yachiwiriyi mu macOS Mojave mu 2018. Chomwe `antialiased` imachita pa Mac ndi kuwondetsako zilembo, zomwe zimathandiza pa mawu oyera okhala pa mtundu wakuda. Ngati muli ndi owerenga a Mac, iikeni pa chigawo chakudacho basi. Kuiika pa tsamba lonse kumangofooketsa mawu akuda a pa zoyera.

Zimene zimapangitsadi mawu kuoneka bwino pa foni ya wowerenga wathu n'zina, ndipo zonse zili m'manja mwanu:

```
body {
  font-size: 1rem;
  font-weight: 400;
  line-height: 1.5;
  color: #1a1a1a;
  background: #ffffff;
}
```

Kukula kwa 1rem nthawi zambiri ndi mapikiselo 16, ndipo kumatsatira zomwe mwini browser wasankha ngati anakulitsa zilembo chifukwa cha maso. Musatsike pamenepo pa nkhani. Kulemera kwa 300 kapena 200 kumakongola pa sikirini yodula, koma pa foni yotsika mtengo, galasi litang'aluka, dzuwa la Okutobala la ku Tete likuwomba, timizere toondato timasungunuka, ndipo koyamba kusowa ndi kachipewa ka ŵ ndi kanjoka ka ã. Mawu otuwa pa zoyera ndi mdani winanso. Malamulo a WCAG, othandiza kuti masamba aziwerengeka ndi aliyense, amafuna kusiyana kwa 4.5 kwa 1 pakati pa mawu ndi pomwe akhala, ndipo DevTools, yomwe imatseguka mukadina F12 mu Chrome, imakuonetsani nambalayo mukadina kabokosi ka mtundu. Chichewa chili ndi mawu aatali ngati "sindinawafotokozerenso", choncho `text-align: justify` pa sikirini yopapatiza imasiya mipata ngati mano ogweluka. Siyani mawu ayambire kumanzere.

Za `text-rendering: optimizeLegibility` musavutike nazo. Inali yofunika kale pofuna kuyatsa kuyandikana bwino kwa zilembo, koma mabrowser a lero amachita zimenezo okha.

Chimodzi chokhudza Windows ndi hinting, timalangizo ta mkati mwa fonti touza zilembo mmene zikhalire pa mapikiselo zikakhala zazing'ono. pyftsubset ili ndi `--no-hinting`, yomwe imachepetsanso fayilo. Mafoni a sikirini zothinana mapikiselo saona kusiyana kwenikweni, koma makompyuta akale a m'maofesi ndi m'masukulu amaona. Ngati ena mwa owerenga anu ali pa makina otero, musaichotse. Ndipo mukaona mawu akuoneka mwachimbuuzi pa chigawo chimodzi chokha, yang'anani ngati pali `transform: scale` kapena zoyendayenda pamenepo, chifukwa nthawi zambiri gwero lake limakhala limenelo, osati fonti.

Chomaliza, yesani ngati wowerenga

Mu Chrome pa kompyuta dinani F12. Sankhani malo omwe mwaika chiganizo choyesera chija m'fonti yanu, pitani pa Computed, tsikani mpaka pansi pomwe palembedwa Rendered Fonts. Pamenepo pamaoneka fonti iliyonse yomwe yagwiradi ntchito ndi chiwerengero cha zilembo zake. Mukaona fonti yanu ili ndi zilembo zambiri, pansi pake Arial ili ndi chimodzi kapena ziwiri, dziwani kuti pali chilembo chomwe munachipeta molakwa. Bwererani ku pyftsubset, wonjezerani nambala yake.

Kenaka pitani pa Network, chongani Disable cache, sankhani liwiro la 3G, dinani Font, tsegulaninso tsamba. Onani zinthu zitatu: mafayilo angati atsitsidwa, akulemera bwanji, ndipo mawu aoneka fonti isanafike kapena ayi. Fayilo imodzi ikaoneka kawiri, ndi crossorigin uja.

Yesaninso mu Opera Mini, yomwe ambiri amaikonda chifukwa chosunga mamega. Ikakhala pa kusunga kwakukulu siitsitsa mafonti a tsamba n'komwe. Mawu amaonekabe m'fonti ya foni, koma ngati tizithunzi ta menyu, ta foni ndi ta WhatsApp munatiika ngati fonti, monga Font Awesome, timasanduka timabokosi kapena kusoweratu. Tizithunzi totere tiikeni ngati zithunzi za SVG, osati fonti, ndipo pambali pake lembani mawu, "Imbani", "Mitengo". Dzitumizireninso link pa WhatsApp ndi pa Facebook n'kuitsegula kuchokera mmenemo, chifukwa ndi khomo lomwe anthu ambiri amalowera.

Mukatha zonsezi tulukani panja ndi foni yotsika mtengo kuposa yanu. Ine ndinabwereka ya mlamu wanga, ndinakaima pakati pa matumba a mbatata masana, n'kutsegula tsamba ndi mamega a tsiku limodzi. Sabata yotsatira ndinawapeza asungichuma pamalo pomwe paja. Anavala magalasi, anatsegula, mawu anatuluka pomwepo, anayendetsa chala mpaka pa "maŵa", n'kugwedeza mutu.

"Chilembo chija chakhala bwino, mwanawe. Koma mtengo wa thumba walembawu ndi wa mwezi watha."